Galimoto ikafooka pa zitunda za ku Dedza musathamangire ku galaja

Amene mumayenda pa M1 kuchoka mu Lilongwe kupita ku Dedza, Ntcheu mpaka Blantyre nkhani iyi mukuidziwa. Galimoto mtauni muno imakhala ili bhobho, kuchoka ku Area 25 kupita ku Old Town ikukoka bwinobwino, koma mukangodutsa pa Linthipe n'kuyamba kukwera kulowera pa Dedza boma imayamba ulesi, mukuponda moto mpaka phazi kugunda pansi koma sipidi osakwera, ikakhala ya otomatiki nde imangosinthasintha magiya, kulira kokhakokha. Pobwerako anthu ambiri amafikira ku galaja, achimwene taionani galimotoyi yatha mphamvu. Amakaniko nawo sangakubwezeni osagwirapo kanthu, asintha mapulagi, asintha fuel pump, atsuka ma injekita, ena mpaka kuboola catalytic converter ati yatsekeka. Ndalama zapita, ndipo ndi mmene masipeya akwerera masiku anowa si ndalama zochepa ayi. Ulendo wina wa ku Dedza, pamalo pomwe paja, galimoto chimodzimodzi.

Zimandiwawa ndikamaona zimenezi chifukwa mbali ina ya mphamvu imene mukuisakayo palibe makaniko angaibweze olo akhale katswiri bwanji. Nthawi zambiri injini imakhala ilibe vuto, nkhani imakhala ya mpweya umene ikukoka kumtundako.

Ambiri tinazolowera kuganiza kuti galimoto imayendera petulo basi, poti petuloyo ndi amene timatulutsira ndalama, kufola naye pamzere usiku wonse akasowa. Koma petulo payekha sayaka. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino mu injini pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya, ndekuti chimene injini imameza kwambiri ndi mpweya, petulo ndi kadontho chabe. Zili ngati mbaula, olo mudzaze makala abwino bwanji, ngati kukamwa kwa mbaulako sikukulowa mphepo moto umangonyeka, utsi wokhawokha madzi a nsima osawira, ndipo kuthirapo makala ena sikuthandiza chilichonse.

Tsono injini ili ndi malire a mpweya umene ingakoke. Ya 1.5 ngati imene ili mu Sienta kapena Probox imakoka pafupifupi malita 1.5 ikazungulira kawiri mutaponda moto wonse, kaya muli ku Nsanje kaya muli pa Nyika malitawo sasintha. Chimene chimasintha ndi kulemera kwa mpweya uli mmalitawo. Mpweya watizungulirawu umalemera, wam'mwamba umapanikiza wapansi, nde kumunsi m'mbali mwa nyanja yamchere ngati ku Beira kapena ku Dar es Salaam umakhala wothithikana, mukamakwera umanka nupepuka. Ena amati kumapiri kulibe okosijeni wokwanira, ndi zoona mbali ina koma sikuti gawo lake lasintha ayi, ndi 21 peresenti kulikonse, kungoti mpweya wonsewo wamwazikana nde mu lita imodzi mumalowa wochepa. Kunyanja yamchere presha ya mpweya imakhala 101 kPa (kPa ndi muyeso wa presha), pa mamita 1,000 yatsika kufika cha mma 90, pa mamita 2,000 ili cha mma 80. Mukafuna kuona ndi maso anu tengani botolo la madzi lapulasitiki lopanda kanthu mulitseke zolimba muli pa Dedza, kenako mutsike Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, mukalipeza litakwinyika lokha. Makutu amene amatseka potsika paja ndi nkhani yomweyi.

Dziko lathuli ndi laling'ono koma pa nkhani yokwera ndi kutsika nde tinapatsidwa. Ku Nsanje ndi Chikwawa madera ambiri ali pansi pa mamita 100 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 475, nde Salima, Nkhotakota, Mangochi, Karonga onse ali cha mma 500. Lilongwe ili pa mamita 1,050, Blantyre chapompo, Mzuzu cha mma 1,250, Dedza boma pafupifupi 1,600, ku Chikangawa msewu umakwera kuposa pamenepo, pamwamba pa Nyika kumadutsa mamita 2,000. Munthu utha kudya kadzutsa ku Senga Bay, nkhomaliro kukadyera pa Dedza, galimoto yakwera mamita opitirira 1,000 tsiku limodzi.

Amainjiniya ali ndi kawerengedwe kachidule, injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera, tingoti 1 peresenti pa mamita 100. Ndipo ma horsepower, muyeso wa mphamvu ya injini, amene mumawaona akamagulitsa galimoto ku Japan aja amawerengedwa ndi mpweya wa kunyanja yamchere. Ndekuti galimoto iliyonse yopanda turbo imene ikuyenda mu Lilongwe muno inataya kale pafupifupi 10 peresenti tsiku limene inafika, mwini wake sanaionepo n'komwe ili ndi mphamvu zake zonse. Anyamata amene amakatenga magalimoto ku doko la Dar es Salaam amaudziwa bwino kusiyanaku, kunyamuka kunyanja galimoto ili gwa, kukwera Kitonga kufika Iringa, Makambako, Mbeya komwe kuli mamita 1,600 mpaka kupitirira, imakhala yolemera, kutsikira pa Songwe ndi Karonga imatsitsimuka, kenako Chiweta uyo.

Tiyeni titenge ka Vitz ka 1.0, papepala kali ndi ma horsepower pafupifupi 70. Ku Nsanje kakupatsani pafupifupi onsewo. Ku Salima 66 kapena 67. Mu Lilongwe cha mma 63. Pa Dedza 59. Mukalimba mtima kukwera nako pa Nyika mutsala ndi 55 kapena kucheperapo.

Wina anena kuti aaa, kuchoka 63 kufika 59 ndi zochepa zimenezo, sizingafooketse galimoto chonchija. Ndikuvomera, kukwera kokhako sikokwanira kufotokoza zonse zimene mumamva pa chiwongolero. Chitunda chenichenicho ndi chimene chimadya mphamvu zambiri, katundu naye, kutentha nako. Koma taganizani bwino apa chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Galimoto ikamakwera pali mphamvu imene ikugwiritsa ntchito kungoti isatsike sipidi, ndipo pali yotsala pamwamba, imene mumaipeza mukaponda moto kuti mupitirire lole. Mpweya ukapepuka chitunda sichichepa, anthu amene mwanyamula sapepuka, matumba a kachewere amene mwagula pa Lizulu kapena pa Bembeke sapepuka, chimene chimadulidwa ndi yotsala ija. Tingoyerekeza kuti chitundacho ndi katunduyo zikufuna ma horsepower 50. Kunyanja yamchere mukanatsala ndi 20 opitirira nawo lole, mu Lilongwe 13, pa Dedza 9 okha. Injini yataya 16 peresenti koma mphamvu yoovatekera yatsika kuposa theka.

Apa ndi pamene ine ndimaopa, kuposa za ndalama za ku galaja zija. Dalaivala mutu wake unazolowera kuti galimoto yangayi ndikaponda imatenga mtunda wakuti kupitirira thiraki, anazolowera pa msewu wa ku lakeshore kapena pa flati pa Mchinji road, nde amatuluka ndi chikhulupiriro chomwecho pa chitunda cha ku Dedza kapena ku Chikangawa, galimoto yodzadza, eyakoni ikuyaka. Afika pakati pa thiraki ija galimoto ikukana kukwera sipidi, kutsogolo kwatulukira basi, kubwerera sangathe kupitirira sangathe. Misewu yathu mukuidziwa, ndi yopapatiza, m'mbali munadyeka, kuli njinga za kabaza, ana asukulu, amayi asenza nkhuni. Ndimaona timagalimoto ting'onoting'ono tikuchita zimenezi pafupifupi ulendo uliwonse ndipo mtima umachita kuima. Abale anga, pa chitunda cha kumtunda dikirani, thirakiyo muipitirira pa flati.

Onjezanipo kutentha. Mpweya wotentha umapepukanso, nde mu Okutobala masana dzuwa lili pamutu injini imakoka mpweya wochepa kuposa m'mawa wa mu Juni kukuzizira. Amene mumachita chidwi munaona kale kuti galimoto imakoka bwino m'mawa kapena usiku, si maganizo anu ayi, zimachitikadi. Eyakoni nayo imatenga ma horsepower angapo pa injini, mu Prado simungamve koma mu Mira kapena Passo mumamva ndithu.

Funso limene anthu amakonda ndi loti nanga computer box ija ntchito yake ndi chiyani, mesa imakonza zonse yokha? Imakonza inde, koma imakonza kasakanizidwe basi. Magalimoto a masiku ano ali ndi masensa, MAF kapena MAP imene imayeza mpweya ukulowa, ndi oxygen sensor ku ekizozi imene imaona ngati petulo wapsa bwino. Mpweya ukachepa kompyuta imachepetsanso petulo kuti 14.7 ija isasokonekere, nde injini imalira bwino, siifuka, siimisa, koma mpweya wochepa ndi petulo wochepa ndi mphamvu yochepa. Kompyuta singapange mpweya. Ubwino wake ndi woti pa flati kumtunda mafuta satha kwambiri, pena amacheperako pang'ono poti mphepo yolimbana ndi galimoto nayo ndi yopepuka.

Za kabyuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya mu injini zopanda kompyuta, ndi zina. Kabyuleta siidziwa kuti yakwera phiri, ma jeti ake amangothira petulo pafupifupi yemweyo, nde kumtunda petulo amachuluka kuposa mpweya, mapulagi kuda bii, utsi wakuda, mafuta kutha msanga, injini kulemera. Amakaniko akale aja amene anakulira pa ma Datsun ndi ma Peugeot 504 amadziwa kuti galimoto yochunidwa kunyanja ikasamukira kumtunda imafuna kuichunanso. Lero magalimoto a kabyuleta atsala ochepa koma njinga zamoto zambiri za kabaza zadzadza mtaunimu ndi za kabyuleta, majenereta ang'onoang'ono amene timadalira magetsi akathima nawonso. Jenereta yolembedwa 5 kVA mu Lilongwe musaiwerengere 5 yonse, chotsanipo gawo limodzi mwa magawo 10 musanalumikize firiji, pampu ndi ayironi nthawi imodzi.

Dizilo yopanda turbo nde imaonekera poyera. Ma Hiace akale a injini ya 3L ndi 5L, ma Land Cruiser a 1HZ, malole akale onyamula fodya kupita ku Kanengo, akafika pa chitunda utsi wakuda uja kumbuyo mpaka osaona kutsogolo. Pampu ikuthira dizilo koma mpweya woti amuwotche yense palibe, wotsalayo akutuluka ngati mwaye. Nde pali chizolowezi china chimene ine sindigwirizana nacho olo pang'ono, galimoto ikafooka amati tiyeni tiitsegule pampu ithire wambiri. Mwina mupeza kamphamvu pang'ono koma zambiri mupeza utsi, kutentha mu injini ndi dizilo kutha, mapeto ake cylinder head kung'aluka. Chimene chikusowa si dizilo.

Mankhwala enieni a vutoli ndi turbo. Utsi wotuluka ku ekizozi umazunguza kafani, kafaniko kamazunguza kanzake kamene kamapanikiza mpweya n'kuukankhira mu injini, nde olo panja mpweya upepuke turbo imangozungulira kwambiri kuti ikwanitse presha imene injini ikufuna. N'chifukwa chake Hilux ya D-4D kapena Ranger, poti zili ndi turbo, imakudutsani pa chitunda ngati palibe chitunda, imatayako pang'ono koma osati ngati ife. Ndipo turbo inatchuka chifukwa cha vuto lomweli. Mu 1918 injiniya wina wa ku America, Sanford Moss, anakweza injini ya ndege pamwamba pa phiri la Pikes Peak ku Colorado, mamita 4,300, kutalika kuposa Sapitwa wathu wa mamita 3,002. Injini imene kumunsi inkapereka ma horsepower pafupifupi 350 kumeneko inatsika kufika cha mma 230, atamangirira turbo inabwerera mwakale. Phiri lomwelo mpaka lero kumachitika mpikisano wa magalimoto okwera phiri, ndipo mu 2018 galimoto yamagetsi ya Volkswagen inakwera msewuwo m'mphindi zosakwana 8 n'kuposa onse a petulo, poti mota yamagetsi siwotcha kanthu, mpweya kaya ulipo wochepa ilibe nazo ntchito. Koma amene muli ndi turbo musaiwale kuti kumtunda ikugwira ntchito yowirikiza, imatentha, nde oyilo akhale wabwino wosinthidwa nthawi yake, ndipo mukakwera chitunda chachitali musangofika n'kuthimitsa, isiyeni ilire kaye kamphindi kapena tiwiri.

Abale athu a ku Joni nkhaniyi amakhala nayo tsiku ndi tsiku. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, kuposa Dedza, nde galimoto yopanda turbo imataya cha mma 17 peresenti poyerekeza ndi ku Durban. Mpaka petulo amagulitsa wosiyana, kumtundako kuli wa octane 93 ndi 95 pamene kunyanja ndi 95 (nambala ikakwera petuloyo salola injini kugogoda msanga), chifukwa mpweya ukapepuka presha mu silinda imachepa ndipo injini siigogoda msanga.

Kwinanso kumene kukwera kumatipweteka ndi ku redieta. Madzi amawira pa madigiri 100 kunyanja yamchere, mu Lilongwe amawira cha pa 96 kapena 97, pa Dedza cha pa 95. Chimene chimateteza injini ndi kachivindikiro ka redieta kaja, kamasunga presha mkati kuti madzi asawire mpaka cha mma 120. Kakatha labala, kapena mwangomangapo pulasitiki ngati mmene ena amachitira, madzi awira msanga, komanso nthawi yomweyo injini ikugwira ntchito yaikulu pa sipidi yochepa, mphepo yodutsa pa redieta ndi yochepa komanso yopepuka. Magalimoto amene mumawaona atatsegula boneti pa Chiweta, pa Thabwa pochokera ku Chikwawa, kapena pokwera kuchoka ku Salima kudzera pa Mvera, ambiri nkhani yake imayambira pa tinthu totchipa ngati timeneti. Kachivindikiro katsopano, coolant weniweni osati madzi a pa mjigo, fani yogwira ntchito. Ndipo thermostat, imene imathandiza injini kukhala pa kutentha koyenera, musalole kuti aichotse ati kuno ndi kotentha, injini ya injekisheni ikamayenda yozizira kompyuta imathira petulo wambiri, mwangodzionjezera vuto lina.

Poyendetsa, ambiri timaopa kuliza injini. Singano ikadutsa 3,000 timaona ngati tikuononga, nde timakwera chitunda ndi giya 5 kapena 4 galimoto ikunjenjemera. Koma tima injini ting'onoting'ono ta petulo mphamvu zake zili m'mwamba, ya 1.5 ya mu Probox ija, yotchedwa 1NZ, mphamvu zonse imapereka pa 6,000 rpm, nde kuifikitsa 4,000 pokwera si kuizunza ayi bola oyilo ndi madzi zili bwino, kuizunza ndi kuikakamiza giya yaikulu ikukana. Tsitsani giya chitunda chisanakugonjetseni, osati mutataya kale sipidi. Ya otomatiki dinani O/D off kapena ikani pa 2 kapena S kuti isamasakesake magiya. Thimitsani eyakoni mpaka mufike pamwamba. Potsikanso giya yomweyo imene munakwerera, mabuleki okha pa Khwekhwerere amapsa.

Sindikunena kuti galimoto iliyonse yofooka ndi mpweya, zina zimakhala zodwaladi ndipo kusiyanitsa sikovuta. Ngati ikufooka pa zitunda za kumtunda mokha koma mukatsikira ku Salima pa flati ikuthamanga bwino, siikumisa, check engine siinayake, mafuta ikumwa mwa masiku onse, isiyeni, ilibe mlandu. Koma ngati ikufooka paliponse, kapena chaka chatha chitunda chomwecho ndi katundu yemweyo imakwera ndi giya 4 lero ikufuna 2, pamenepo pali chinthu. Ndipo yambani ndi zotchipa. Air filter choyamba, fumbi la mu Lilongwe kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mukulidziwa, makamaka amene mumakhala kumene kulibe tala ngati mbali zina za Area 36, Mtandire, Chinsapo kapena ku 49 kwatsopanoku, filter yotsekeka pamwamba pa mpweya wopepuka kale ndekuti injini mwaitsamwitsa kawiri. Isintheni, osaichotsa n'kumayenda yopanda, fumbilo likalowa limadya ma ring. Kenako MAF sensor ngati yada, fuel filter, mapulagi, matayala ngati ali ofewa, mabuleki ngati akugwira okha. Ngati injini ikulira kukwera koma sipidi osakwera pa manyuwo, imeneyo ndi kilatchi. Makaniko wabwino, ndipo alipo ambiri ku Biwi, ku Kawale, ku Mchesi, amayamba walumikiza makina a diagnosis kapena kuyenda nayo kaye galimotoyo asanamasule chilichonse, ndipo mukamuuza kuti imafooka pa Dedza pokha akuuzani zoona.

Amene mukufuna kuitanitsa galimoto, apa nde pofunika kuganiza musanatumize ndalama. Tima 660cc ngati Mira ndi Alto ndi tabwino pa mafuta, sindikutsutsa, koma tinapangidwira matauni a ku Japan amene ambiri ali m'mbali mwa nyanja, malamulo akumeneko amaika injini yake pa 660cc ndipo makampani sapitirira ma horsepower 64, topanda turbo timakhala ndi cha mma 50. Ngati ntchito yake ndi kuchoka ku Area 18 kupita ku City Centre ndi kukasiya ana kusukulu, katengeni. Koma ngati kumudzi kwanu ndi ku Dedza, ku Ntchisi, kumtunda kwa Ntcheu kapena ku Mzimba ndipo mumapita ndi banja lonse n'kubwerako ndi matumba a chimanga, tengani nambala ya ma horsepower imene alembayo muchotsepo 10 peresenti ya Lilongwe, 16 ya Dedza, muone chatsala, kenako muganize za 1.5 kapena ya turbo olo duty yake ikhale yokwererapo.